M'mera mpoyamba: ana a m'minda ya fodya ku Kasungu akudikira ndani?

M'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pomwe alimi a ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya amakhala kalikiliki kuthyola fodya ndi kumusokera m'zigafa, mwana wa zaka zinayi amasowa womusiyira. Amatsatira amake kumunda. Kumeneko tsamba lonyowa ndi mame limalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mwana amachita chizungulire ndi kusanza.

Nkhaniyi siyachilendo kwa mabanja a m'mbali mwa nyanja. Kwa zaka zambiri anthu ochokera ku Mangochi ndi Machinga akhala akupita ku Kasungu kukagwira utenanti. Lamulo la 2021 lidathetsa utenanti, koma umphawi womwe umawatumiza kumeneko udakalipo.

Malo oyenera mwana wotere ndi sukulu ya mkombaphala. Dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro a m'mera mpoyamba mu 2003, ndipo unduna woona za ana ndiwo umayang'anira ntchitoyi. Komabe sukulu zambiri zakumudzi zimayendetsedwa ndi anthu eni ake: makolo amasonkha chimanga cha phala, alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Pano mpomwe pagona vuto. Nyengo yothyola fodya ndiyo nyengo ya njala, ndipo ndalama imabwera msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa. Nkhokwe ikauma phala limasowa, ana amasiya kubwera, mlezi naye amapita kuganyu. Sukulu imatseka panthawi yomwe ikufunika kwambiri.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya kupulayimale ndipo ana oposa miliyoni imodzi adakhamukira m'makalasi. Chimodzimodzi, mkombaphala udzafika kwa wosauka pokhapokha bajeti ya boma itanyamula malipiro a alezi, phala ndi nyumba yophunziriramo. Thandizo la mabungwe limatha pulojekiti ikatha.

Asilamu tili ndi chitsanzo chathu. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalola akaidi osowa dipo kudziombola pophunzitsa ana khumi a ku Madina kulemba. Mtsogoleri adaona kuphunzira kwa ana kukhala kolingana ndi chuma.

Choncho pali zomwe tingayambe osadikira. Zipinda za madrasa zambiri zimakhala zopanda anthu m'mawa, popeza ana amabwera akaweruka kusukulu. Makomiti a mizikiti angathe kuzitsegulira ana a zaka zitatu mpaka zisanu, Msilamu ndi yemwe sali Msilamu. Osauka ndiwo oyamba pa magulu asanu ndi atatu oyenera zakaat, ndipo thumba la ufa loperekedwa ngati sadaka lingasunge sukulu m'mwezi wa Febuluwale.

Chotsala ndi kufunsa aphungu ndi makhansala athu, bajeti ikamakambidwa, kuti ndalama ya alezi ili pati. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.