Kuthowa ndi Magetsi: Thandizo la Msana Wopweteka

Anthu a ku Marapodi, mu Lusaka, amene msana uwazunza cifukwa ca nchito zolemetsa, akatumizidwa ku University Teaching Hospital ena abwerako odabwa: m'malo mwa nyeleti, awathowa ndi kuwaika magetsi.

Kuthowa si kwacilendo, pakuti makolo anali kutero ndi madzi ofunda. Kucipatala, akatswiri oongola ziwalo ayamba ndi kufunditsa malo opwetekawo kwa mphindi 15 kapena 20, kuti mwazi uyende bwino ndipo minofu ifewe. Pambuyo pake amata tizigamba pakhungu, mopita mphamvu yocepa ya magetsi, yomveka ngati nyerere zoyenda. Mphamvuyi icepetsa ululu, ndiponso idzutsa minofu yofooka.

Koma ziwirizi zingotsegula njira cabe. Cimene cibweza nyonga ndiwo masewera olimbitsa thupi amene wodwala aphunzitsidwa kucita tsiku ndi tsiku.

Cenjerani: wodwala shuga kapena khate, amene khungu lake silimva bwino, angapse osazindikira. Mai wapakati anene msanga asanayambe. Inu a kumidzi, funsani ku cipatala ca m'boma lanu. Musayese magetsi kunyumba.