Thumba la chimanga la bwana si chipukuta misozi

Munthu akagwa kuchokera pamwamba pa chigafa, kapena jeke wodindira fodya akamuphwanya zala, anthu a ku Furancungo amadziwa kale mmene nkhani iyendere. Bwana amunyamula pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala, agula mankhwala, mwinanso atumiza thumba la chimanga kunyumba. Abale athokoza, ati bwanayu ndi wachifundo, nkhani ithera pomwepo. Chifundocho n'chenicheni ndithu. Koma pa malamulo a Mozambique, kuchiza wantchito wovulala ndi udindo wa womulemba ntchito, ndipo n'chiyambi chabe. Chilipo china cholipidwa pa masiku amene munthu wakhala osagwira ntchito, ndipo ngati walumala mpaka kale, kapena wamwalira n'kusiya ana, pamakhala chipukuta misozi chowerengedwa potengera malipiro ake ndi kukula kwa chilemacho. Zimenezi zinalembedwa mu Decreto 62/2013, ndipo lamulo la ntchito la 2023, lomwe linalowa m'malo mwa la 2007, silinazichotse.

"Ine sindinasaine kalikonse, ndingakadandaule kuti?" Mawu awa amamveka kwambiri ku Macanga ndi ku Tsangano, kumene ntchito zambiri zimapanganidwa pakamwa, pansi pa mtengo wa mango. Lamulo likuti kusowa kwa pepala sikuchotsa ufulu wa wantchito, ndipo wolakwa posalemba mgwirizano amatengedwa kuti ndi bwana. Vuto ndi umboni basi. Anzanu amene munkasoka nawo fodya, kope lomwe kapitawo ankachongamo masiku, uthenga wa pafoni wa ndalama zimene ankakutumizirani, zonsezi zimalankhula.

Pali malo amene anthu amasokonezeka, ndipo sindiwadabwa. Mlimi amene amatenga feteleza ndi mbewu pa ngongole ku kampani ya fodya amadziona ngati wantchito wa kampaniyo, poti alangizi ake sachoka kumunda kwake. Koma mgwirizano wolima n'kugulitsa si wolembana ntchito. Choŵaŵa n'chakuti mlimi yemweyo akalemba anyamata, kaya a m'mudzi kaya ochokera ku Malawi, kuti amulimire nyengo yonse, iyeyo ndiye wasanduka bwana, ndipo ngozi ikagwa pamunda pake funso limabwera kwa iye.

Ena amati poti amadulidwa ndalama za INSS, bungwe la boma la penshoni, mwezi ndi mwezi, INSS ndiyo idzalipira. Ndalama zija, 3 pa 100 zochokera kwa wantchito ndi 4 pa 100 zochokera kwa bwana, n'zothandiza pa matenda wamba, pa ukalamba ndi pa maliro. Ngozi ya pantchito ili ndi thumba lake: wolemba ntchito amayenera kukhala ndi inshuwalansi, ija anthu amati seguru, ya antchito ake onse. Ngati sanaidule, alipira za m'thumba mwake.

Nanga ngati dzanja limene linaterereka ndi lako lomwe? Ambiri amangoti ndi tsoka langa, ena n'kuyamba kuganizira za amene anakangana naye pa malire a munda. Lamulo silifuna kuti uyambe wasonyeza kuti bwana analakwa. Kungoti ngozi inachitika pantchito, nthawi ya ntchito, n'kokwanira. Chimene chingamasule bwana ndi zinthu ngati kudzivulaza dala kapena kugwira ntchito utaledzera. Ngakhale ngozi ya panjira imawerengedwa ngati munali m'galimoto yomwe bwana anapereka.

Tsono chachikulu chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi ichi: "Milandu ndi ya anthu a ndalama, loya ali ku Tete." Komatu boma linakhazikitsa bungwe la IPAJ mu 1994 kuti lithandize mwaulere anthu osatha kulipira loya. Pa ngozi za pantchito, Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, nayo ili ndi mbali yake: imaitanitsa wovulala, bwana ndi a seguru kuti agwirizane kaye, ndipo zikakanika nkhani imapita kukhoti. Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, imayenera kudziwitsidwa za ngoziyo. Kukula kwa chilema amayeza ndi madokotala a Junta de Saúde, osati bwana poyang'ana ndi maso n'kunena kuti chala chimodzi si kanthu.

Chimene sichidikira ndi nthawi. Bwana auzidwe mwamsanga, pasanadutse masiku awiri, ndipo ngati wovulalayo sangathe, mbale wake angamunenere. Kuchipatala nenani poyera kuti mwavulala pantchito, alembe choncho, chifukwa ambiri amati ndagwa kunyumba pofuna kuteteza bwana, ndipo pepala limenelo limadzawatsutsa pambuyo pake. Musalole chaka kutha mukudikira lonjezo lakuti tidzakambirana fodya akagulitsidwa. Ndipo pepala lililonse lachipwitikizi lomwe akuti musaine kuti mwalandira zonse, litengereni kaye ku IPAJ akuwerengereni.