Land Rover yakale ikufikitsani pa Likhubula, kotsalako ndi miyendo

Mukakhala pa Chonde m'miyezi ya chilimwe, m'mbali mwa msewu wa M2 wochokera ku Luchenza kupita ku boma la Mulanje, simulephera kuona galimoto ina yake yodabwitsa. Ndi Land Rover kapena Land Cruiser yakalekale, utoto utasuwa, nambala yake ya ku South Africa kapena ya ku Ulaya, pamwamba atamangirira tenti, zigubu za mafuta, fosholo ndi matayala awiri. Ana amaikuwiza, a kabaza amaipatuka. Ikulowera kuphiri.

Ambirife galimoto zoterezi timazidziwa m'njira ina. Land Rover inali ya apolisi, ya a DC, ya bwana wa ku esiteti ya tiyi, kapena ambulasi ya ku mishoni. Agogo akamva kulira kwake m'mudzi sankaganiza zokasangalala. Ankadziwa kuti kwagwa mlandu kapena wina wadwalika. N'chifukwa chake zimatidabwitsa kuti munthu angawoloke mayiko asanu pa galimoto yomweyo, kugona pamwamba pake ngati nkhuku pa chitsa, n'kumati ali pa holide. Koma tsegulani Facebook kapena TikTok muone. Achinyamata a ku Blantyre ndi ku Lilongwe nawonso ayamba kusonkherana, kubwereka matenti, n'kupita kukagona kutchire mwadala. Ine ndikuti ndi bwino, bola tiuzane zoona za galimotozi ndi za phirili.

Land Rover yoyamba anaionetsa ku Amsterdam mu 1948. Thupi lake analipanga ndi aluminiyamu chifukwa nkhondo itatha chitsulo chinkasowa ku Britain, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mumapeza yazaka 40 kapena 50 thupi lili gwa, losachita dzimbiri. Musanyengedwe nazo. Chasisi chake ndi chachitsulo, ndipo ndi kumeneko dzimbiri limadyera mwakachetechete. Amene akufuna kugula kapena kubwereka agwade, asuzumire kunsi, agogode ndi sipanala. Mtundu wa Series III, womwe anaupanga kuyambira 1971 mpaka 1985, uli ndi ndodo zitatu pafupi ndi dalaivala: ya magiya wamba, ya mutu wachikasu yolumikizira matayala onse anayi, ndi ya mutu wofiira yoti galimoto iziyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu pa chitunda kapena m'matope. Defender yachikale, yomwe inatsatira pambuyo, anasiya kuipanga ku Solihull mu January 2016.

Ubwino wa galimoto zakale ngati Series III ndi umodzi waukulu: mulibe kompyuta. Ikafa pa Chitakale, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango aimvetsera kulira kwake, aitsegula, ailumikiza ndi waya, inu n'kupitiriza ulendo. Galimoto yamakono ikayatsa kanyali pa dashibodi m'tchire, ndiye kuti muyimbe foni ku Blantyre abwere ndi makina. Zovuta zake nazo n'zosabisika. Imamwa mafuta ngati ili ndi ludzu la chaka chonse, imadontha oyilo paliponse pomwe yaima, siithamanga, ndipo masipuling'i ake amakuuzani za mwala uliwonse womwe mwaponda. M'dziko lomwe mizere ya pa filing'i siteshoni yasanduka chizolowezi, ndiponso pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sipeya aliyense woitanitsa kunja ndi nkhani ya misozi. Ndiye zoti mnyamata wongoyamba ntchito agule yakeyake, aise, tisanamizane. Chotheka ndi kusonkherana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kubwereka ya malume kapena ya hayala pamodzi ndi dalaivala woidziwa, mafuta n'kugawana.

Nanga mupita nayo kuti? Apa ndi pomwe zithunzi za pa intaneti zimasokeretsa. Phiri la Mulanje silikwereka ndi galimoto. Ku Zomba mumakwera mpaka pamwamba muli pampando, ku Nyika mumafika ku Chelinda ndi galimoto yamphamvu, koma kuno ayi. Mukakhota pa Chitakale kulowera msewu wa ku Phalombe, mufika pa Likhubula pomwe pali ofesi ya za nkhalango. Galimoto imathera pamenepo. Mulipira zolowera, mupeza wokutsogolerani ndi onyamula katundu, kenako miyendo iyambe ntchito. Dziwe la Nkhalamba lili pafupi, mutha kupita n'kubwerako tsiku lomwelo, n'kugona m'tenti yanu m'munsi. Koma ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila kapena ku Chisepo, komwe kuli tinyumba togonamo alendo, ndi ulendo wa maola angapo wokwera mopuma wefuwefu. Pa tinyumbati pamakhala mlonda wokuthandizani ndi nkhuni ndi madzi. Chakudya, bulangete ndi tochi ndi zanu.

Komwe galimoto yakaleyo imaonetsa ukatswiri wake ndi m'mphepete mwa phiri. Kuli misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi kulowera ku Lujeri ndi ku chigwa cha Ruo. Kulinso njira ya pa Fort Lister, mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Mchese m'boma la Phalombe, komwe atsamunda anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira yomwe ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu popita kunyanja ya mchere. Njira imeneyi ndi yamiyala ndi yokumbika, kasaluni kangasiye bampala pamenepo. Ndiye ndodo ya mutu wofiira ija imagwira ntchito. Funsani kaye anthu a m'deralo za momwe msewu ulili, chifukwa chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, yemwe anagumula mapiri ndi kukokolola milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe, mapu a pafoni si oti n'kuwakhulupirira kwathunthu. Ndipo nyengo ya dzinja isiyeni. Mtsinje wa m'phiri umadzadza m'kanthawi kochepa ngakhale pomwe mwaimapo sipakugwa mvula, ndipo palibe Land Rover yomwe imadziwa kusambira.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandinyansa pa maulendowa, kaya ndi a alendo akunja kaya athu omwe. Munthu amadzadza galimoto ku Blantyre ndi chilichonse, kuyambira mpunga, nyama, tomato mpaka madzi akumwa, kudutsa pa Chonde magalasi atatseka, kugona m'tenti yake, n'kubwerera osasiya ngakhale tambala. Chomwe wasiya ndi fumbi ndi mabotolo a pulasitiki. Chonsecho Mulanje ndi kwawo kwa nanazi, nthochi ndi mapeyala, ndipo amayi ogulitsa ali m'mbali mwa msewu momwemo. Galimoto yonyamula zonse imamupangitsa munthu kuiwala kuti akudutsa m'mudzi mwa eni. Chonde si malo ongodutsapo. Pamenepa ndi pa likulu la Mulhako wa Alhomwe, pomwe mwezi wa October uliwonse khamu la anthu limasonkhana kuvina tchopa ndi kudya kalongonda.

Pa nkhani ya otsogolera njira, musachite nkhuli ya ndalama. Anyamata a pa Likhubula amadya chifukwa cha phirili, ndipo ndi omwewo amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka, kukwera ndi kutsika m'maola ochepa mtunda womwe enafe tingauyende masiku awiri. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo chiperoni chikatsika simuona ngakhale dzanja lanu. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands, Linda Pronk, anasowa atapita yekha ndipo sanapezeke. Mu 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiyana ndi womutsogolera, ndipo anamupeza atamwalira patapita masabata. Kaya mumakhulupirira za mizimu ya m'phiri monga amanenera akuluakulu kaya ayi, mfundo yake ndi yomweyo: musakwere nokha.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, ndiye galimoto za matenti pamwamba zichuluka pa M2. Mukamapita, nyamulani kasilinda ka gasi kophikira, makala a m'mbali mwa msewu muwasiye, chifukwa ambiri achokera m'nkhalango yomweyo mukukaijambulayo. Wina akakutsatsani bokosi kapena thabwa lonunkhira bwino la mkungudza, dziwani kuti ndi mtengo wa fuko lathu, womera mwachilengedwe pa phiri lokhali basi, ndipo ikuluikulu yake inatha kale ndi macheka. Mbande zomwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akubzala zitenga zaka makumi angapo kuti zifike poti munthu n'kukhala pamthunzi pake.