Kandandalikidwe ka Malemba m'Zinenero ndi m'Kompyuta

Mwana akamafuna liwu m'dikishonale, kapena mphunzitsi akamalemba kaundula wa kalasi, onse amadalira kudziŵa lemba lotsogola ndi lotsatira. Ambiri a ife timayesa kuti dongosololi ndi limodzi pa dziko lonse, koma si choncho ayi.

Mu Chijeremani lemba la ä limakhala pamodzi ndi a, pamene mu Chiswidishi å, ä ndi ö amadza pambuyo pa z. Mu Chisipanishi ch ndi ll anali ndi malo awoawo m'dikishonale mpaka chaka cha 1994.

Tsono kompyuta siona malemba koma manambala. Kwa iyo A ndi 65, Z ndi 90, a ndi 97, z ndi 122, ndipo ŵ wathu ndi 373. Ikangotsata manambalawa, "Zomba" amatsogolera "agogo", ndipo "kuŵala" amagwa pambuyo pa "kuzizira". Wofuna liwulo pa malo ake salipeza.

Pofuna kuthetsa vutoli, bungwe la Unicode linakonza njira yoyerekeza mawu pa masitepe atatu: poyamba lemba lenilenilo, kenaka zizindikiro za pamwamba pake, pomaliza kukula kapena kuchepa kwake. Chinenero chilichonse chimaloledwanso kuwonjezapo malamulo ake.

Chotero, aphunzitsi a mawa, musakhulupirire mndandanda chifukwa choti watuluka m'makina. Lembani mawu khumi pa timapepala, ana awandandalike okha, ndipo afotokoze chifukwa chimene aikira liwu lililonse pomwe aliikapo. Mwana wodziŵa chifukwa adzazindikira kompyuta ikalakwitsa.