Zomwe ndimawerenga pamwamba pa kalata ya timu

Anthu akamva kuti ndimatolera zinthu zakale za mpira amaganiza kuti kwathu kuli majezi, zikho ndi mamendulo. Akafika n'kupeza mafayilo okhaokha, nkhope zimagwa. Chuma changa ndi makalata amene alembi a matimu ankalemba pa mapepala okhala ndi dzina ndi chizindikiro cha timu pamwamba, aja m'maofesi timangoti letterhead. Ena ndi opempha basi yopitira ku Zomba, ena odandaula za oyimbira, ena oitana wosewera kuti adzayankhe chifukwa chimene anajombera kokonzekera masewero. Amene ankawalemba sankaganiza n'komwe kuti wina adzawasunga, ndipo n'chifukwa chake ndimawakhulupirira kuposa nkhani zokamba pa bawo.

Kalata ikafika m'manja mwanga sindiyamba ndi mawu ake. Ndimayamba ndi mutu. Pamenepo ndi pomwe timu imaulula mwini ndalama. Taganizani za Maule: akhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets pa nthawi imene anafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004, kenako Big Bullets basi, lero FCB Nyasa Big Bullets. Manoma nawo akhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers, mpaka dzina la Mukuru linalowamo. Wothandiza timu akasintha, dzina limasintha, ndipo mapepala atsopano amayenera kusindikizidwa. Mutandipatsa mitu ya makalata a matimu awiriwa yokha, popanda mawu a m'munsi, nditha kukuuzani makampani amene anali ndi ndalama mu Blantyre chaka ndi chaka.

Koma kusindikiza mapepala kunali kodula, ndipo mlembi wanzeru sankataya mulu wotsala. Apa ndi pomwe pamatuluka pepala limene ndimalikonda koposa onse. Ndili nalo lina la timu ya ku Limbe imene inatha kalekale. Dzina la kampani yakale analiphimba ndi mzere wa zilembo za x pa makina otayipira, dzina latsopano n'kulitayipa pamwamba pake, mokhota pang'ono. Mayina a komiti ali chakumanzere: awiri anawadula ndi bolopeni, lachitatu analisiya. Mawu a kalatayo ndi opempha mipira iwiri ndi neti, palibenso china. Komabe mutu wake ukundiuza kuti timu inali itangosintha eni, ndalama zinali zisanayambe kulowa, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye anapulumuka m'komiti. Nkhani ngati imeneyi simungaipeze m'nyuzipepala ya sabata imeneyo.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti ndimadziwa bwanji zaka za kalata yopanda deti. Si matsenga. Ikatchula mapaundi ndi mashiling'i, inalembedwa kwacha isanabwere mu 1971. Ikanena Nyasaland, pepalalo linasindikizidwa lisanafike tsiku la 6 Julayi 1964. Mayina a malo nawo amathandiza: Cholo ndi Mlanje asanakhale Thyolo ndi Mulanje, Fort Johnston isanakhale Mangochi, Port Herald isanakhale Nsanje. Bwalo lalikulu la mu Blantyre lokha latchedwapo Rangeley, Kamuzu, Chichiri, kenako Kamuzu kachiwiri. Kwa anzathu a ku Zambia, kalata ya Rhokana United ndi ya Nkana yomwe ija isanasinthe dzina, ndipo ya ku Broken Hill ndi ya ku Kabwe. Pansi pa adiresi ndimayang'ana ngati pali mawu olandirira telegalamu, nambala ya telex kapena ya fax. Pepala lokhala ndi imelo kapena nambala ya foni ya m'manja koma likudzitcha la 1982, libwezeni kwa mwini wake mwaulemu.

Otolera a ku Britain ali ndi mwayi chifukwa manambala awo a lamya anasintha pa zaka zodziwika. A mu London ankayamba ndi 01 mpaka 1990, kenako 071 ndi 081, mu 1995 n'kukhala 0171 ndi 0181, ndipo kuyambira 2000 ndi 020. Choncho kalata ya Arsenal yochokera ku Highbury, kumene timuyo inakhala kuyambira 1913 mpaka 2006, mutha kuiika m'zaka zake poona nambala yokha. Ku America amayang'ana ZIP code, imene inayamba mu 1963.

Chenjezo n'lakuti mutu wa kalata umangokuuzani chaka chimene pepala silingapitirire kumbuyo. Sukuuzani tsiku limene munthu analembapo. Pepala la Nyasaland likhoza kukhala ndi kalata ya 1966, chifukwa cha mulu wotsala uja.

Maso akatha, zala zimayamba. Tembenuzani pepala n'kulisisita kumbuyo. Makina otayipira ankamenya, ndiye zilembo zimamveka ngati timatuza, ndipo mpumiro ndi chilembo cha o nthawi zina zinkaboola ndithu. Makina alionse anali ndi chilema chake: e wodzaza inki, kapena t wokwera pang'ono kuposa anzake. Makalata awiri ochokera mu ofesi imodzi m'chaka chimodzi amayenera kukhala ndi chilema chofanana. Zosindikiza pa kompyuta zimakhala zosalala, zilembo zonse zakuda mofanana. Likwezeninso pepala ku dzuwa; ambiri abwino akale anali ndi chizindikiro cha fakitale chobisika m'kati. Ngakhale msinkhu umanena: lakale la foolscap ndi lalitali kuposa A4 amene tazolowera. Kalata imene inayendadi imakhala ndi mizere yopindira, mabowo awiri a fayilo, kadontho ka dzimbiri pomwe panali pini, mwinanso chidindo cha tsiku lolandirira. Akamberembere amaviika pepala m'tiyi kuti lioneke lokalamba, koma tiyi amadetsa paliponse mofanana, pomwe ukalamba weniweni umayambira m'mphepete ndi m'mizere yopindira.

Chimene ndimachiopa kwambiri ndi pepala lenileni lakale lopanda mawu. Timu ikatha, mulu wosalembedwa umatsala m'kabati. Munthu akaupeza n'kupezanso makina otayipira akale, atha kulemba kalata ya mphunzitsi wotchuka aliyense amene akufuna, ndipo zala zanga sizingamugwire. Apo chimene chimapulumutsa ndi kudziwa mpira: kodi munthu ameneyu anali pa timuyi chaka chimenecho? Kodi masewero akutchulidwawo anachitikadi Loweruka limenelo? Ndipo kalatayi yakhala kuti zaka zonsezi, inachoka m'manja mwa yani?

Za siginecha ndilankhule mosabisa: anthu amaikweza mopitirira. Makalata ambiri a wapampando ankasainidwa ndi mlembi, ena ankangodindidwa ndi chidindo cha labala. Ngakhale siginecha yeniyeni ya munthu wodziwika, ikakhala pansi pa mawu othokoza chifukwa cha khadi la Khirisimasi, kwa ine ndi yopepuka poyerekeza ndi kalata ya mlembi wosadziwika yofotokoza chifukwa chimene timu yonse inakanira kukwera basi.

Nanga ndalama zilimo? Kunja zilimo, koma m'mapepala owerengeka. Mu 2010 masamba awiri otayipa a malamulo a basketball, amene James Naismith analemba mu 1891, anagulidwa pa okushoni ya Sotheby's ku New York pa mtengo wopitirira madola 4 miliyoni. Chaka chotsatira, malamulo akale olembedwa pamanja a Sheffield FC, timu imene inayamba mu 1857, pamodzi ndi mapepala ena a timuyo, anapita pa mapaundi 881,250. Ku America makalata a timu ya baseball ya Brooklyn Dodgers amafunidwa chifukwa ndi timu imene inalowetsa wosewera wotchuka Jackie Robinson mu 1947, komanso inasamukira ku Los Angeles itatha nyengo ya 1957, ndiye pepala la adiresi ya ku Brooklyn silidzasindikizidwanso. Musathamangire kuchipinda kukafukula sutikesi ya agogo poganiza kuti mwalemera. Kuno msika wa zinthu izi kulibe. Ambiri mwa makalata anga ndinachita kupatsidwa, ena ndinasinthanitsa ndi chithunzi chotsukidwa bwino.

Kusowa kwa msikako ndi kumene kukutha mapepala athu. Hardware Stars ndi MDC United anali matimu oopsa, koma lero mungavutike kupeza ngakhale pepala limodzi la mu ofesi yawo. Alembi ambiri ankasunga mafayilo kunyumba, chifukwa timu inalibe ofesi yeniyeni. Mlembi akatisiya, ana amasesa m'nyumba, mapepala n'kupita koyatsira mbaula kapena kumsika kokulungira mtedza. Otsalawo chiswe chimamaliza.

Ngati muli nayo kalata yotere, chonde musaimatire pulasitiki ya moto ija ya m'mashopu a fotokope. Ikalowa mmenemo sidzatulukanso. Selotepi imasiya chikasu chosachoka. Chotsani mapini ndi masitepulo pang'onopang'ono, iyaleni m'fayilo ya pepala lolimba, ikani pamwamba kutali ndi khoma lonyowa nthawi ya dzinja. Chopachika pabalaza chikhale fotokope, chifukwa dzuwa limadya inki. Mukafuna kulembapo za kumene inachokera, lembani ndi pensulo pa kapepala kena.

Pali makalata ena amene sindionetsa anthu: onena za matenda a wosewera, ngongole zake, kapena chilango chimene analandira. Ana ake akadali moyo ndipo ena timakumana nawo ku Kamuzu Stadium. Pepala lokhala ndi chidindo cha National Archives ya ku Zomba kapena cha laibulale ya Society of Malawi ku Mandala sindigula, ndipo wondibweretserayo ndimamuuza kuti alibweze kumene analitenga. Mukafuna kuti ndikuonereni kalata, bwerani nayo ndi envulopu yake yomwe, ngakhale itang'ambika. Chidindo cha positi ofesi pa sitampa chimatchula tsiku ndi tauni, ndipo kawirikawiri chimathetsa mkangano ndisanatulutse n'komwe kalatayo.