Kuchokera ku London Kukafika ku Blantyre wa ku Scotland pa Njanji

Alendo ambiri amene amapita kukaona dziko la Britain amathera masiku awo onse mumzinda wa London n'kubwerera kwawo akuyesa kuti aliona dziko lonse, chonsecho mbiri yaikulu ya dzikolo idamwazikana m'mizinda ina ndi m'matauni amene munthu angafikeko pa sitima m'maola ochepa chabe. Njanji imene imayambira pa siteshoni ya King's Cross ku London n'kulowera kumpoto mpaka ku Edinburgh, likulu la Scotland, ndi yotalika makilomita pafupifupi 630, ndipo sitima yothamanga imatenga maola anayi ndi theka pa mtundawu, koma mlendo amene angothamangira kukafika kumapeto amaphonya malo amene akadayenera kuwapatsa nthawi yochuluka.

Malo oyamba otere ndi York, mzinda umene sitima imafikako pakatha maola awiri. Aroma adamanga linga la asilikali pamalowa m'chaka cha 71, pamene mitsinje ya Ouse ndi Foss imakumana, n'kulitcha Eboracum, ndipo m'chaka cha 306 asilikali adalonga ufumu Constantine komweko, mfumu imene pambuyo pake idalola Akhristu kupembedza mwaufulu mu ufumu wa Roma. M'chaka cha 866 mzindawu udagwa m'manja mwa a Viking, anthu a ku Scandinavia odziwika ndi nkhondo komanso malonda a panyanja, amene adautcha Jorvik. Chimene chimakopa anthu ku York n'chakuti mibadwo yonseyi idasiya zizindikiro zimene zikuonekabe: pansi pa tchalitchi chachikulu pali zotsalira za likulu la asilikali a Roma, pa msewu wa Coppergate akatswiri ofukula zakale adapeza nyumba ndi zipangizo za a Viking pakati pa 1976 ndi 1981, ndipo mpanda wamiyala wozinga mzinda wakale, wotalika makilomita oposa atatu, munthu amayenda pamwamba pake osalipira kanthu.

Tchalitchi chachikulucho, chotchedwa York Minster, chidatenga zaka pafupifupi 250 kuti chimangidwe, kuyambira cha m'ma 1220 mpaka 1472, kutanthauza kuti amisiri amene adayala maziko ake adafa ntchito ikadali pakati, ndipo ngakhale zidzukulu zawo sizidaone ntchito itatha. Zenera lake lakummawa, limene mmisiri John Thornton adalipanga pakati pa 1405 ndi 1408, lili ndi magalasi amitundumitundu osonyeza chiyambi cha dziko ndi masomphenya a m'buku la Chivumbulutso, ndipo anthu a nthawi imeneyo, ambiri mwa iwo osadziwa kuwerenga, ankaphunzira nkhani za m'Baibulo poyang'ana zithunzizi. Wodzaona malo amalipira pakhomo, pamene wobwera kudzapemphera salipira, ndipo ndalamazo zimathandiza pa ntchito ya amisiri osema miyala amene amakonza tchalitchicho chaka ndi chaka.

Pafupi pomwepo pali kamsewu kotchedwa Shambles, kopapatiza kwambiri moti zipinda zam'mwamba za nyumba zake zamitengo zimachita kuweramirana ngati zikufuna kugundana. Kale unali msewu wa ogulitsa nyama, ndipo amene ayang'anitsitse aona ngowe zokolekapo nyama zikadali pamakoma, pamodzi ndi mathabwa aakulu a m'munsi mwa mazenera pamene ankayalapo malonda. Lero mabutchala adachokamo ndipo mudadzaza masitolo ogulitsa tizinthu tachikumbutso, ena mwa iwo a katundu wokhudza nkhani za Harry Potter, zomwe n'zomvetsa chisoni pang'ono, popeza khamu la anthu ojambula zithunzi limadutsa osadziwa kuti msewuwo udali wa chiyani. Wofuna kuuona bwino ayenera kulawirira masitolo asanatsegule. Kuseri kwa siteshoni kuli National Railway Museum, nyumba yosungiramo sitima zakale imene idatsegulidwa mu 1975, kumene kulowa n'kwaulere ndipo kuli Mallard, sitima yoyendera nthunzi imene mu 1938 idathamanga makilomita 203 pa ola, liwiro limene sitima ina ya mtundu wake sidalipose.

Nyumba zakalezi sizidapulumuke mwamwayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, malamulo a dzikolo amalola boma kuika nyumba yofunika pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, ndipo mwini wake saloledwa kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo, ngakhale ili yakeyake. Lamuloli limawalemera eni nyumba, chifukwa kukonza nyumba yotere kumadya ndalama zambiri, komabe ndilo maziko a ntchito zokopa alendo zimene zikudyetsa mabanja ochuluka m'mizinda ngati York.

Sitima ikachoka ku York n'kumayandikira Durham, tchalitchi chachikulu cha mzindawo, chimene adayamba kumanga mu 1093 ndipo chimasunga manda a Cuthbert Woyera, chimaonekera pawindo chili pamwamba pa chitunda chozunguliridwa ndi mtsinje wa Wear. Theka la tsiku ndi lokwanira kumeneko.

Edinburgh ndi mizinda iwiri yoyang'anizana. Mzinda wakale udamangidwa pamsana pa phiri, potsata msewu wa Royal Mile umene umatsetsereka kuchokera ku linga la pathanthwe mpaka ku nyumba yachifumu ya Holyroodhouse, pamene mzinda watsopano, umene adayamba kumanga mu 1767, uli ndi misewu yotakata ndi yowongoka, ndipo bungwe la UNESCO lidaika zigawo ziwirizi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1995. Kuyambira 1947, mwezi wa Ogasiti umakhala wa chikondwerero cha zisudzo ndi nyimbo, nyengo imene mzindawu umasefukira ndi anthu ndipo mitengo ya malo ogona imakwera kwambiri. Mumzinda womwewu ndi mmene Hastings Kamuzu Banda adamalizira maphunziro ake a udokotala mu 1941.

Kwa mlendo wochokera ku Malawi kapena ku Zambia, malo okhudza mtima koposa angakhale katauni kamene mabuku ambiri a alendo sakatchula. Blantyre wa ku Scotland ali m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, makilomita pafupifupi 13 kuchokera ku Glasgow, ndipo ndi kumene David Livingstone adabadwira pa 19 Malichi 1813, m'nyumba ya antchito a fakitale ya thonje yotchedwa Shuttle Row, mmene banja lonse linkaphika, kudya ndi kugona m'chipinda chimodzi, mabedi ake ali olowa m'khoma. Iye adayamba ntchito m'fakitalemo ali ndi zaka khumi, ndipo ankapita kusukulu madzulo ataweruka. Amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni yawo m'dera la mapiri a Shire mu 1876 adaitcha dzina la kwawo kwa Livingstone, ndipo lero Blantyre wa ku Malawi adakula kuposa mnzake kutalitali. Nyumba ya Shuttle Row ija, imene tsopano ndi malo osungiramo mbiri ya Livingstone, idatsegulidwanso mu 2021 itakonzedwa, ndipo n'koyamikirika kuti zionetsero zake zikupereka malo kwa Aafirika amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene adatsogolera gulu lonyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mpaka kugombe la nyanja yamchere.

Ulendo wotere umafuna kukonzekera kukadali nthawi. Nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimafunika kupeza viza ya mlendo zisananyamuke, ndipo viza imeneyi imalola munthu kukhala mpaka miyezi isanu ndi umodzi koma simuloleza kugwira ntchito. Tikiti ya sitima yogulidwa pa intaneti masabata angapo ulendo usanachitike imakhala yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi yogula pa siteshoni tsiku lomwelo. Nyengo nayo imasintha zimene munthu angaone, chifukwa mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku ku Edinburgh, pamene mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane ndipo malo ena amatsekedwa msanga.