Saini ya Mmisiri ndi Moyo wa Wokwera: Phunziro la Ndege ya Emiliano Sala

Usiku wa pa 21 Januwale 2019, kandege ka injini imodzi kadanyamuka mumzinda wa Nantes ku France kulunjika ku Cardiff m'dziko la Wales. M'kandegemo mudali anthu awiri okha: woyendetsa, David Ibbotson, ndi katswiri wa mpira wamiyendo wa ku Argentina, Emiliano Sala, wa zaka 28, yemwe timu ya Cardiff City idali itangomugula kumene pamtengo wa mapaundi 15 miliyoni. Patadutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndegeyo idagwera m'nyanja ya English Channel, kumpoto kwa chilumba cha Guernsey. Zotsalira zake zidapezeka pansi pa nyanja m'mwezi wa Febuluwale, thupi la Sala lili momwemo. Thupi la Ibbotson silidapezeke.

Ambiri adangoti tsoka silinunkha. Koma bungwe lofufuza ngozi za ndege ku Britain, la AAIB, litatulutsa lipoti lake mu Malichi 2020, zidaoneka kuti tsokali lidali litanunkha kale, kungoti omwe adayenera kulimva adatseka mphuno.

Madokotala atayeza magazi a Sala adapeza kuti mbali yokwana 58 peresenti ya mphamvu ya magaziwo yonyamula mpweya wabwino idali italandidwa ndi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide. Uwu ndi mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Suoneka, sununkha, koma umazunguza mutu ndi kukomola munthu. Ofufuza adati woyendetsa nayenso ayenera kuti adaupuma.

Kodi udalowa bwanji? Ndege zazing'ono zambiri zimatenthetsa m'kati mwake motere: mpweya wozizira wochokera kunja umadutsa m'chikuto chozungulira paipi yamoto ya ekizozi, n'kulowa m'chipinda cha anthu utafunda. Paipiyo ikachita mng'alu, utsi wa injini umasakanikirana ndi mpweya wopumawo. Popeza ndegeyo sidavuulidwe, ofufuza sadaigwire m'manja paipiyo, komabe adati njira imene utsi uyenera kuti udalowera ndi imeneyi.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kayenderedwe ka ndege. Ndegeyi, ya mtundu wa Piper Malibu, idapangidwa mu 1984 ndipo idalembetsedwa ku United States. Malamulo a dzikolo amafuna kuti ndege yotere iziunikidwa yonse kamodzi pa miyezi 12, ndipo mmisiri wovomerezeka asainire m'buku lake kuti ndi yoyenera kuuluka. Kuunika kotereku kudachitika mu Novembala 2018, ekizozi idayang'anidwa ndi maso. Koma pali njira ina yodalirika koposa: kutseka paipi, kupoperamo mpweya, ndi kuona ngati ukutuluka pena pake, monga momwe wokonza njinga amafufuzira chubu chobooka. Ofufuza sadapeze umboni woti mayeso amenewa adachitika pa kuunika kwa pachaka kuwiri komaliza. Ndegeyo idalibenso kachipangizo kolira kochenjeza za mpweya wapoizoni.

Chovuta n'chakuti ndegeyi inkasamalidwa motsata malamulo a ndege za eni, zosachita malonda, omwe ndi ofewerapo. Ndege yonyamula anthu olipira imayenera kutsata malamulo okhwima pa kakonzedwe ndi pa oyendetsa ake. Ulendo wa Sala udali wolipira, koma udayendetsedwa ngati kunyamulana kwa pachinansi. Ibbotson adalibe chiphaso chonyamulira anthu mwamalonda, adalibe chilolezo choulukira usiku, ndipo chilolezo chake choyendetsera ndege za mtunduwu chidali chitatha mphamvu.

Chenjezo lomaliza lidadza masiku awiri ngoziyo isadachitike. Pa ulendo wopita ku Nantes, woyendetsayo adamva chiphokoso chachikulu m'ndegemo ndipo adaona kankhungu m'chipinda. Adauzako anzake, koma ndegeyo idanyamukanso chifukwa cha phokosolo chisadadziwike.

Nanga mlandu udagwera yani? Mutu ukakula sulewa nkhonya. David Henderson, yemwe ankayang'anira ndegeyo ndipo ndiye adapeza woyendetsa wa ulendowo, adapezeka wolakwa kubwalo la milandu la Cardiff mu Okutobala 2021 pa mlandu woika ndege pachiswe. Mwezi wotsatira adagamulidwa kukakhala kundende miyezi 18. Iye sadali m'ndegemo, sadagwire sipanala, koma ndiye adalola kuti iuluke akudziwa kuti woyendetsayo sadali woyenera. Kuyambira mu Januwale 2025, Britain idalamula kuti ndege zazing'ono zambiri za injini zotere zikamanyamula anthu zizikhala ndi kachipangizo kochenjeza kaja.

Nkhaniyi si ya kutali ayi. M'chigawo chathu ndege zazing'ono zimanyamula odwala ndi madokotala, zimapopera mankhwala m'minda ikuluikulu, ndiponso zimafikitsa ogwira ntchito zachitukuko kumadera kumene misewu imaduka m'dzinja. Bungwe lililonse lobwereka ndege lili ndi ufulu wofunsa mafunso atatu. Kodi kampaniyi ili ndi chiphaso chonyamulira anthu mwamalonda, chochokera kunthambi ya boma yoona za ndege? Kodi woyendetsayu ndi wovomerezeka pa ndege iyi komanso pa nthawi imeneyi? Kodi vuto lomwe lidaoneka pa ulendo wapitawo lidalembedwa m'buku, ndipo ndani adasainira kuti lakonzedwa? Woyankha mozemba, kapena wotchula mtengo wotsika modabwitsa, ndi wofunika kumukayikira.

Mfundo yomweyi imagwira pa ambulansi ya chipatala, thirakitala ya kalabu ya alimi ndi chigayo cha gulu. Pakhale buku, vuto lilembedwe tsiku lomwe laoneka, ndipo wokonza alembe chimene wachitadi, osati chimene amayenera kuchita. Saini yoikidwa mwachizolowezi imateteza pepala lokha. Wokwera amatetezedwa ndi ntchito imene idagwiridwadi.